Nyongolotsi ya kudimba ndi njoka ya m'mimba: ndi mtundu umodzi?

NaBanda_Kudimba
Akuluakulu, ndiweruzireni mtsutso uwu. Kuno anthu ambiri amakhulupirira kuti njoka za m'mimba zimene ana amatulutsa ndi nyongolotsi zomwe zija timakumba kudimba, ati mwana akamadya dothi zimakakulira m'mimba. Ena afika pomazipha akaziona m'mabedi a masamba. Zoona zake n'ziti? Komanso n'chifukwa chiyani mankhwala a njoka sathetsa likodzo, pomwe akuti nalonso ndi nyongolotsi?

Mphunzitsi_Bayoloje
Mayi, auzeni aleke kupha za kudimbazo. Nyongolotsi ya m'dothi singakhale m'matumbo mwa munthu, itamezedwa imafa n'kugayidwa basi. Zamoyo zimene timaziunjika pa dzina limodzili zili m'magulu atatu akuluakulu, ndipo matupi awo ndi osiyana kutalitali.

Loyamba ndi la zopyapyala, m'mabuku Platyhelminthes. Thupi ndi laphanthiphanthi, m'kati mulibe mphako, mulibenso mitsempha ya magazi. Zimene zili ndi matumbo zili ndi khomo limodzi lokha, podyera pomwepo ndiye potulutsira zotsala. Umu ndi momwe muli nyongolotsi ya likodzo, ya m'chiwindi cha ng'ombe, ndi yaitali yonga lamba yochokera ku nyama ya nkhumba kapena ya ng'ombe.

Lachiwiri ndi la zobulungira, Nematoda. Thupi ndi losalala, losongoka uku ndi uku, lopanda mphetemphete, ndipo lili ndi kamwa kutsogolo ndi kotulukira kumbuyo. Khungu lake ndi lolimba, losatambasuka, choncho imafundula kanayi isanakhwime. Pali yaimuna ndi yaikazi. Njoka yaikulu imene ana amatulutsa, Ascaris, ndi ya gulu ili.

Lachitatu ndi la zamphetemphete, Annelida: nyongolotsi ya kudimba, msundu, ndi zambiri za m'nyanja yamchere. Thupi linagawika tizigawo tobwerezabwereza kunja ndi m'kati momwe. Ya kudimba ili ndi magazi ofiira oyenda m'mitsempha, imapumira pakhungu, n'chifukwa chake ikauma imafa.

Kamwendo_Bwii
Koma zimafanana bwanji. Ascaris ndi ya kudimba mukaziika pamodzi ndani angasiyanitse?

Mphunzitsi_Bayoloje
Achimwene, yang'anani kayendedwe. Ya kudimba ili ndi minofu iwiri, yozungulira thupi ndi yotsata m'litali, ndiye imatalika n'kufupika, kutalika n'kufupika, ulendo ukupita. Ascaris ili ndi minofu ya m'litali yokha. Singafupike, imangodzipinda uku ndi uku pamalo amodzi. Kachiwiri, sisitani ya kudimba ndi chala kuchokera kumchira kupita kumutu, mumva kukhakhala. Ndi tiubweya tolimba, kawirikawiri 8 pa kachigawo kalikonse, timene imagwirira dothi. Kachitatu, ya kudimba yokhwima ili ndi chibangiri chotupa cha kufupi ndi kumutu, chimene chimapanga kathumba ka mazira. Ascaris ndi yotuwa mofiirira pang'ono, yowala, yolimba, ndipo yaimuna mchira wake ndi wopindika.

WaKuLabu
Ndiwonjezereko pa nkhani ya dothi, chifukwa anthu akumudziwo sanaphonyeretu. Mwana amatengadi Ascaris kudothi, koma mazira ake amachokera ku chimbudzi cha munthu wina. Yaikazi imatalika masentimita 20 mpaka 35 ndipo imaikira mazira pafupifupi 200,000 pa tsiku. Mazirawo akangotuluka kumene sapatsira matenda. Amafuna masabata awiri kapena atatu m'dothi lonyowa, lofunda, kuti kamwana kapangike m'kati, ndipo chikamba chake n'cholimba moti amatha zaka ali moyo pamthunzi. Akamezedwa amaswa m'matumbo, timphutsi timaboola n'kulowa m'magazi, kudutsa m'chiwindi, kufika m'mapapo. Mwana amakhosomola, n'kutimezanso, ndiye timakakhwimira m'matumbo. Kuchokera pomeza dzira mpaka yaikazi kuyamba kuikira pamapita miyezi iwiri kapena itatu. Ndiye mabedi a masamba amakhala oopsa pamene pathiridwa zochokera m'chimbudzi zosaola bwino, kapena pamene ana amadzithandizira m'mbali mwa dimba. Nyongolotsi ya m'bedimo ilibe mlandu.

Chitsulo_cha_Njanje
A Mphunzitsi, pamenepo ndakana. Mwati zamphetemphete ndi gulu lachitatu lokha. Nanga yalamba ija? Nayonso ili ndi tizigawo, anthu amationa m'chimbudzi kapena m'kabudula wamkati tikuyenda.

Mphunzitsi_Bayoloje
Funso labwino, koma tizigawo take ndi ta mtundu wina. Yalamba ilibe kamwa, ilibe matumbo. Ili ndi kamutu kakang'ono ngati mutu wa phini kokhala ndi zomamatirira 4, ndipo chakudya imayamwa kudzera pakhungu. Kuseri kwa kamutuko kumaphuka tizigawo tatsopano tsiku ndi tsiku, kalikonse kokhala ndi ziwalo zachimuna ndi zachikazi. Ta kumchira tikadzaza mazira timathothoka n'kutuluka. Ndi matumba a mazira chabe. Ya kudimba tizigawo take tonse ndi thupi limodzi, matumbo ndi mitsempha zikudutsa kuchokera kumutu mpaka kumchira, ndipo palibe kothothoka.

Pochiza, chofunika ndi kamutuko. Munthu atha kutulutsa mamita awiri a nyongolotsi n'kusangalala, koma kamutu kakatsala kamaphukanso, ndipo pakatha miyezi iwiri kapena itatu tizigawo timayambanso kuoneka.

WaKuLabu
Tizigawo toyenda tokha n'kutulukira m'zovala nthawi zambiri ndi ta Taenia saginata, ya ku nyama ya ng'ombe. Ya nkhumba, Taenia solium, tizigawo take timatuluka ndi chimbudzi, ndipo kamutu kake kali ndi timbedza pomwe ya ng'ombe ilibe. Ndikonzekonso pang'ono: si zopyapyala zonse zimene zili zaphanthiphanthi kapena zachimuna ndi zachikazi pamodzi. Ya likodzo inapatuka. Pali yaimuna ndi yaikazi, yaikazi ndi yowonda yobulungira, ndipo imakhala m'ngalande ya pamimba pa yaimuna moyo wake wonse. Poiona mungaiike m'gulu lachiwiri, koma m'kati mwake ndi ya gulu loyamba.

Mphunzitsi_Bayoloje
Zoona zimenezo, ndinafupikitsa.

Namwino_waKumudzi
Ndiyankhe funso lachiwiri la mayi NaBanda. Mankhwala amatsata gulu. Albendazole ndi mebendazole ndi a zobulungira za m'matumbo. Pa kampeni amapereka albendazole 400 mg kamodzi, kapena mebendazole 500 mg kamodzi. Mwana wa miyezi 12 mpaka 23 amalandira theka la albendazole, 200 mg. Mayi woyembekezera amalandira miyezi itatu yoyamba ikadutsa. Likodzo mankhwala ake ndi praziquantel, 40 mg pa kilogalamu iliyonse ya thupi, ndipo piritsi limodzi ndi 600 mg. Kusukulu m'malo mwa sikelo amagwiritsa ntchito ndodo yoyezera msinkhu. Praziquantel sapha Ascaris, albendazole sapha likodzo, n'chifukwa chake nthawi zambiri amaperekedwa onse awiri tsiku limodzi.

Zimene zimalakwika: kumwa praziquantel m'mimba mulibe kanthu, mwana n'kuchita chizungulire ndi kusanza, makolo n'kukana chaka chotsatira. Adye kaye phala kapena nsima. Chachiwiri, kumwa tsiku lomwe mwachoka kunyanja poganiza kuti mwadziteteza. Mankhwalawa amapha zokhwima, tating'ono samatigwira bwino, ndiye dikirani masabata 6 mpaka 8.

MsodziWaKuChembe
Apa ndiye pamene alendo ambiri amaphonya, amagula mapiritsi n'kumwera pa basi.

Namwino_waKumudzi
Eetu. Ndipo ngakhale m'gulu la zobulungira momwemo mphamvu ya mankhwala imasiyana. Piritsi limodzi la albendazole limachotsa Ascaris bwino kwambiri, za mbedza limayesetsa, koma Trichuris, ija yonga chikwapu, imapirira ndipo imafuna masiku atatu. Tating'ono toyera toyabwitsa kumatako usiku, Enterobius, timafa msanga, koma mazira amatsala m'zikhadabo ndi m'zofunda. Amwe onse a m'nyumba, abwereze pakatha masabata awiri, zofunda zichapidwe, zikhadabo ziwengedwe.

Kamwendo_Bwii
Za mbedza ndiye ziti?

WaKuLabu
Necator ndi Ancylostoma. Ndi zazifupi, pafupifupi sentimita imodzi, ndipo munthu sazionako m'chimbudzi. Timphutsi take timaswa m'dothi, makamaka lamchenga lonyowa, n'kuboola khungu la kuphazi. Zikafika m'matumbo zimaluma khoma n'kumayamwa magazi. Imodzi imatayitsa pang'ono kwambiri, koma zikakhala mazanamazana kwa miyezi, mwana kapena mayi woyembekezera amayera m'maso ndi m'manja. Apa chitetezo ndi nsapato ndi chimbudzi, kusamba m'manja kokha sikukwanira.

Alangizi_aZiweto
Nkhani ya magulu imeneyi imadyetsa alimi ndalama zambiri. Mlimi amagula ivermectin, kubaya ng'ombe, n'kumati wathana ndi njoka zonse. Ivermectin ndi wa zobulungira ndi tizilombo ta pakhungu. Nyongolotsi ya m'chiwindi, Fasciola gigantica, ndi yopyapyala, ndipo saigwira, pokhapokha botololo litalembedwa kuti mulinso clorsulon. Albendazole amapha ya m'chiwindi yokhwima yokha, pa mlingo wokwera wa 10 mg pa kilogalamu pa ng'ombe. Triclabendazole ndiye amapha ndi tating'ono tomwe timene tikuboola chiwindi. Praziquantel, ngakhale ndi wa zopyapyala, pa Fasciola sathandiza.

Njira yake: mazira amatuluka ndi ndowe, amaswa m'madzi, kamphutsi kamalowa m'nkhono ya m'dambo, kamachulukana m'menemo, kenako timatuluka n'kumamatira pa udzu wa m'mbali mwa madzi. Ng'ombe imameza podya udzuwo. N'chifukwa chake vuto limakula m'chilimwe pamene ziweto zonse zatsikira kudambo. Pophera nyama mumaona njira za ndulu zatupa, zayera, zalimba, mpeni ukumveka khwe, ndipo m'kati muli zamoyo zooneka ngati tsamba.

MbuziZangaZisanu
Nanga mbuzi zotupa pansi pa chibwano nthawi ya dzinja?

Alangizi_aZiweto
Nthawi ya mvula ganizani kaye za Haemonchus, yobulungira, yotalika masentimita 2 kapena 3, yokhala m'chifu chachinayi. Yaikazi imaoneka yamizere yofiira ndi yoyera yopotana, ndipo imaikira mazira zikwizikwi pa tsiku. Iyi siifuna nkhono, timphutsi timakwera pa udzu wamfupi wamame. Mbuzi imatha magazi osatsegula m'mimba n'komwe. Tsitsani chikope cha m'munsi panja powala: chofiira bwino, isiyeni, chotuwa kapena choyera, imwetseni. Njira imeneyi ndi ya khadi la FAMACHA la mitundu 5, lomwe linapangidwa ku South Africa.

Zolakwika zazikulu ndi ziwiri. Kuyerekeza kulemera ndi maso n'kupereka mlingo wochepa, ndi kumwetsa khola lonse mwezi ndi mwezi mankhwala amodzimodzi. Zonsezi zimasiya zolimba zokhazokha kuti ziswane, mapeto ake mankhwala amasanduka madzi. Mbuzi imafunanso mlingo wokwera kuposa wa nkhosa. Albendazole musapatse mbuzi imene yangotenga bere mwezi woyamba.

Chitsulo_cha_Njanje
Alangizi, osamwetsa zonse? Zotsalazo si ndiye zipatsira zinzake?

Alangizi_aZiweto
Zipatsiradi, koma zipatsira mtundu umene mankhwala akadaupha. Ndi umenewo tikufuna ukhalepo kuti usakanizike ndi wolimbawo.

Kanyenya_Boss
Ine ndifunse za masese a nkhumba. Ena amati ukathira mchere ndi tsabola n'kuotcha bwino palibe vuto.

Namwino_waKumudzi
Mchere wa pamwamba ndi tsabola sizipha kanthu. Masese ndi ana a Taenia solium ali m'timatumba ta madzi m'minofu. Amafa nyama ikapsa mpaka m'kati, osatsala pofiira, ndipo nthuli zazikulu zootcha mwachangu zimapserera kunja m'kati muli mwawisi. Nyama yotere siyeneranso kugulitsidwa. Koma mvetsani kusiyana uku. Kudya masese kumabweretsa yalamba m'matumbo. Kumeza mazira ochokera m'chimbudzi cha munthu amene ali ndi yalambayo, kudzera m'manja, m'madzi kapena m'masamba, kumabweretsa masese m'thupi mwa munthu, ngakhale mu ubongo. Bungwe la WHO limati m'madera amene nyongolotsiyi ndi yofala, pafupifupi 30 mwa anthu 100 odwala khunyu chimayambitsa ndi chimenechi. Munthu amene sadya nkhumba atha kudwala ngati womuphikira ali nayo. Ndipo amene amagwa khunyu anene asanamwe praziquantel wa pa kampeni, chifukwa masese a mu ubongo akamafa amatupitsa pamalopo.

Alangizi_aZiweto
Nkhumba imatenga podya chimbudzi cha munthu, ndiye khola ndi chimbudzi chotseka zimadula njira. Kuyang'ana pansi pa lilime kumagwira zodwala kwambiri zokha, lilime loyera si umboni woti nyama ili bwino. Oxfendazole pa 30 mg pa kilogalamu amapha masese m'minofu, koma papite masabata angapo kuti afote.

Mlimi_waFodya
Tisaiwale za m'mizu. Tomato, therere ndi fodya zikamafota masana madzi alipo, zulani chimodzi. Mukapeza mizu yatupatupa mfundomfundo, ndi Meloidogyne, yobulungira yosaoneka ndi maso. Osasokoneza ndi timibulu ta pa mizu ya mtedza, soya ndi nyemba. Timibulu tabwino timakhala pambali pa muzu, timathothoka ndi chala, ndipo mukatiswa m'kati ndi mofiirira. Zotupa za matenda ndi muzu womwewo umene wafufuma, sizithothoka. Kupopera masamba n'kutaya ndalama. Chothandiza ndi kusabwereza nazale pamalo amodzi, kuzula ndi kuumitsa padzuwa mizu ya fodya mukangotha kukolola, ndi kasinthasintha wa zaka zitatu kapena zinayi ndi chimanga, mtedza kapena udzu wa Katambora. Kuchotsa fodya n'kubzala tomato kapena mabilinganya si kasinthasintha, zonsezo ndi chakudya chake.

NaBanda_Kudimba
Ndiye ntchemberezandonda ili gulu liti pa atatuwa?

Mlimi_waFodya
Palibe, mayi. Imeneyo ndi mbozi, mwana wa gulugufe wa usiku. Yang'anani: ili ndi mutu wolimba, timiyendo 6 kutsogolo, ndipo imasanduka. Mphutsi nayonso ndi mwana wa ntchentche. Nyongolotsi yeniyeni ilibe miyendo ndipo imafa ili nyongolotsi.

Kamwendo_Bwii
Nanga mphutsi zija zimatuluka pa chithupsa cha mwana kapena galu?

Namwino_waKumudzi
Ntchentche imaikira pa mchenga kapena pa zovala zonyowa zoyanikidwa pansi kapena pamthunzi, makamaka zonunkha mkodzo. Sitani zovala ndi matewera mbali zonse. Pa chithupsacho pakani Vaseline kutseka kabowo kopumira, mphutsiyo imasuzumira, ndiye mufinye m'mbali pang'onopang'ono kuti ituluke yathunthu. Albendazole alibe ntchito apa.

MsodziWaKuChembe
Tibwerere ku likodzo. Anthu ambiri amati nkhono zake zimakhala m'mabango mokha, pamchenga woyera palibe. Kuno ku Chembe, pa nyanja ya Malawi, si choncho. Bulinus globosus ndiye wa m'zomera ndi m'mitsinje, koma Bulinus nyassanus amakhala pamchenga weniweni m'nyanja, amadzikwirira pang'ono. Ofufuza anagwirizanitsa kuchuluka kwake ndi kuchepa kwa nsomba zodya nkhono, monga Trematocranus placodon, chifukwa cha makoka a m'mphepete.

WaKuLabu
Ndipo mitundu ya likodzo ndi iwiri. La m'chikhodzodzo, Schistosoma haematobium, limadzera mwa Bulinus, dzira lake lili ndi kaminga kunsonga, timalipeza mu mkodzo. Mkodzo wabwino kuyeza ndi wa pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, makamaka madontho omaliza. La m'matumbo, Schistosoma mansoni, limadzera mwa Biomphalaria, nkhono yozungulira yafulati, dzira lake kaminga kali pambali, timalipeza m'chimbudzi. Munthu atha kukhala nalo osakodza magazi, koma chiwindi ndi kapamba zikutupa. Chovulaza kwambiri ndi mazira amene amakodwa m'minofu. Mwa amayi amakodwanso m'njira ya chiberekero, ndipo zizindikiro zake zimasokonezedwa ndi matenda opatsirana pogonana. Tizilombo totuluka m'nkhono sitikhalitsa, madzi osamba akasungidwa masiku awiri athunthu m'ndowa yopanda nkhono timafa.

Gogo_Kalulu
Ana inu, misundu mwangoitchula n'kuisiya. Ife timathira mchere kapena fodya.

Mphunzitsi_Bayoloje
Agogo, mchere umagwetsadi msundu, koma umausanzitsa pabalapo ndipo bala limatha kuola. Pezani mbali yowonda, ndiko kumutu, kanikizani khungu pambali pake n'kulowetsa chikhadabo pansi, kenako mumatule mbali yaikulu ya kumchira. Magazi amatuluka kwa maola angapo chifukwa malovu ake ali ndi hirudin woletsa magazi kuundana. Tsukani ndi sopo, kanikizani ndi nsalu yoyera. Ukalowa m'mphuno kapena kukhosi, pitani kuchipatala, osaukoka. Msundu ndi mbale wake wa nyongolotsi ya kudimba, osati wa ya likodzo, ngakhale zonse zimapezeka m'madzi.

Manyowa_Organic
Kwa ofuna kuweta za manyowa: za kudimba zokumba pansi sizichita bwino m'bokosi. Zofunika ndi zokhala pamwamba m'zinyalala, Eisenia fetida yofiira kapena Eudrilus eugeniae ya ku West Africa. Eisenia imakonda madigiri 15 mpaka 25, kutentha kukapitirira 35 imafa, ndiye kumadera otentha bokosi likhale pamthunzi. Chinyezi chikhale choti mukafinya m'dzanja patuluke dontho limodzi kapena awiri. Ndowe ikhale yozizira, yoti yakhala masabata awiri kapena kuposa. Chitosi cha nkhuku chachiwisi chimazipsereza. Bowolani pansi kuti madzi azituluka, ndipo miyendo ya thandala muiike m'zitini za madzi kuopa linthumbu. Kathumba ka mazira kamaswa pakatha pafupifupi masabata atatu, ana awiri kapena atatu.

Kamwendo_Bwii
Bwanji osangozidula pakati kuti zichulukane msanga?

Mphunzitsi_Bayoloje
Muzitha, achimwene. Mbali ya kumutu nthawi zina imapola n'kumera mchira ngati yadukira kumbuyo kwa chibangiri, koma ya kumchira imangophiriphitha n'kufa. Yochita zimenezo ndi planaria, kopyapyala ka pansi pa miyala ya mumtsinje, kamene chidutswa chilichonse chimamera mutu ndi mchira. Za kudimba iliyonse ili ndi ziwalo zonse ziwiri, komabe zimafunika kukumana ziwiri n'kusinthana umuna.

Manyowa_Organic
Komanso bokosi la nyongolotsi silitentha, ndiye silipha mazira a Ascaris. Zochokera m'chimbudzi cha anthu kapena ndowe ya nkhumba musaikemo ngati manyowawo ndi a masamba odya osaphika.

NaBanda_Kudimba
Zikomo nonse. A Namwino, mwana wa zaka zinayi watulutsa Ascaris imodzi koma analandira piritsi miyezi itatu yapitayo. Adikire kampeni ina?

Namwino_waKumudzi
Asadikire, apite naye kuchipatala alandire lina, miyezi itatu ndi yokwanira kuti zatsopano zikhwime. Ngati mimba yatupa, akusanza, ndipo sakuchita chimbudzi kapena kutulutsa mpweya, musamupatse mankhwala kunyumba, thamangirani naye lero lomwe chifukwa zimatha kupotana n'kutseka matumbo. Ndipo ana ena a pakhomopo apite nawonso.